Njinga imene inkadana ndi chinyezi

Zaka zimene makuponi a feteleza anali pakamwa pa aliyense, ine ndinali mlangizi wa zaulimi cha ku Santhe. Nyumba ya ku ofesi inkadontha paliponse, choncho ndinkakhala kwa atsibweni anga, achimwene awo a amayi, amene anali ndi kaesiteti ka fodya wa bale. Sikanali kaesiteti koti munthu n'kuchita nako mantha: zigafa zingapo, ngolo imodzi, ndi mabanja anayi a matenanti. Koma atsibweni ankayendapo manja ali kumbuyo, ngati Kasungu yense anali wawo.

A ku ofesi anandipatsa njinga yamoto ya mtundu wautali uja, ya matayala a mano akuluakulu, yoyenda patala ndi m'matope momwe. Ine ndine wamfupi. Ndikakwera, zala za kumapazi zokha ndi zimene zinkagunda pansi, ndipo anthu m'minda ankaimika makasu kuti aone mmene mayiyu atsikire. Ndinagwa nayo kangapo, ndinaitukwana kangapo, kenako tinazolowerana. Ndinkaikonda kwambiri, mwina mopitirira muyeso, poti sinali yanga n'komwe.

Inkagona pa ngodya ya chigafa choyandikana ndi nyumba. Pafupi pomwepo panali kanyumba ka mtenanti wina, bambo a ku Phalombe, ofatsa, a timvi tochepa m'ndevu. Anabwera ndi akazi awo ndi ana nyengo ziwiri m'mbuyomo. Atsibweni anawauza kuti aziyang'anira njingayo poti anali pafupi. Iwo anaonjezerapo zawo: m'mawa uliwonse ankaipukuta ndi kansalu, popanda wowatuma. Ine ndinkangoti zikomo n'kukwera.

Mu Januwale, anthu atayamba kuthyola masamba a pansi a fodya, njinga inayamba mwano. Kukacha kuli dzuwa, ndinkangoponda kiki kamodzi, yalira. Kukacha kuli mvumbi, ndinkaponda mpaka mwendo kuchita dzanzi. Nthawi zina inkavomera tikaikankha. Nthawi zina inkangozima ndili pakati pa ulendo, osatsokomola n'komwe, zii. Ndinaganiza kuti mwina mu petulo muli madzi, ndinakhuthula thanki yonse, madzi munalibe. Ndinagula pulagi yatsopano. Inandisangalatsa masiku awiri, lachitatu n'kuyambiranso.

Tsiku lina la msika inandizimira m'dambo, ndikuchokera kokaona chimanga cha kalabu ina. Kunali kukuwaza kuyambira m'mawa. Ndinaponda, ndinapempha, ndinaopseza, koma ayi ndithu. Ndinaikankha m'matope mpaka pa Santhe, nsapato imodzi itang'ambika, thukuta ndi mvula zitasakanikirana. Ndinalowa pamsika dzuwa litatuluka, anthu ali pikitipikiti. Amayi ena ogulitsa tomato anakuwa kuti, "Alangizi, lero yakukwerani ndi iyo?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Makaniko wake anali kuseri kwa magolosale, pansi pa mtengo. Anali ndi njinga zambiri zodikira, choncho yanga inakhala padzuwa mpaka chakumasana. Itafika nthawi yake, anachotsa pulagi, n'kuigoneka pa injini, n'kuponda kiki. Panaoneka kamoto kofiira, kofooka.

"Mwauona motowo, asisi? Moto wabwino umakhala wa buluu, umachita kulira. Uwu ndi wodwala."

Anawerama n'kusuzumira pansi pa thanki. Analiza kakhweru.

"Njingayi imagona kuti?"

"Pa chigafa, kwa atsibweni anga."

"Ndiye akuberani. Koyilo iyi si yake. Ya njinga zoterezi imakhala ndi chizindikiro apa. Wina anachotsa yeniyeni n'kukuikirani iyi."

Koyilo ndi kachipangizo kongokwana m'dzanja, kamene kamakulitsa moto wopita ku pulagi. Kufikira tsiku limenelo sindinkadziwa ngakhale pamene kamakhala. Makaniko anatulutsa ina m'bokosi mwake, n'kuimanga, n'kuponda kamodzi. Njinga inalira. Yakale ija anandipatsa kuti ndikaonetse kunyumba.

Kwa ine mlandu unathera pomwepo. Sindinadzifunse kuti njingayo isanafike kwa ine inadutsa m'manja mwa alangizi ena awiri, ndipo aliyense wa iwo akanatha kusinthitsa koyilo. Sindinaganize kuti njinga yakhala ikuotha dzuwa maola angapo. Ndinali ndi matope mpaka m'mawondo, ndinali nditasekedwa pamsika, ndipo ndinkafuna munthu woti ndimuloze chala. Njira yonse yobwerera mtima unali ukungotentha.

Ndinapeza atsibweni ali pakhonde ndi mkulu wina wa mpingo. Panja panakhala matenanti onse, akudikira phoso, chimanga chimene ankalandira kuti azidya podikira fodya. Munthu wanzeru akanadikira alendo achoke. Ine ndinatsika, chipewa cha njinga chidakali kumutu, n'kuponya koyilo ija pamapazi pa atsibweni.

"Atsibweni, pano mukusunga mbala!"

"Iwe mphwanga, moni woyamba ndi ameneyo?"

Ndinafotokoza zonse mokweza mawu, moti ngakhale amene anali ku zigafa anamva. Dzina sindinatchule, koma maso anga anatchula. Bambo a ku Phalombe aja anadzuka pamene anakhala, n'kudzanjuta pafupi ndi khonde. Manja awo anali bii ndi utomoni wa fodya.

"Bwana, ine chinthu chimenecho ndikuchionera pano. Sindikudziwa ngakhale mbali imene chimakhala."

"Nanga m'mawa uliwonse mumafunako chiyani ku njinga yanga?" Ndinafunsa ine.

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana pansi. Sanayankhe. Ine ndinati kusayankhako ndi kuvomera.

Atsibweni sankachedwa pa nkhani za matenanti, makamaka pamaso pa mlendo. "Pofika Loweruka ndisakuoneni pano. Munda wanuwo ndigawira anzanu."

Amene sanakhaleko ku fodya mwina sangamve kulemera kwa mawu amenewa. Mtenanti amayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Amagalauza, amawokera, amapalira, amabandira. Chake chimaoneka fodya akagulitsidwa basi. Kumuchotsa mu Januwale ndi kumubweza kwawo chimanjamanja, mwezi wa njala, kumene sanalime kalikonse. Komanso mbiri ya kuba imayenda m'maesiteti, moti palibe wina amene akanawalemba chaka chimenecho. Zonsezi ine ndinkazidziwa bwino, poti ndiyo inali ntchito yanga. Koma tsiku limenelo ndinangoti azione.

Madzulo omwewo ndinaika thabwa pa sitepe n'kulowetsa njinga pabalaza. Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumuvala m'khosi. Masiku atatu otsatira kunawala dzuwa, ndipo njinga inkalira ndikangoikhudza. Ndikamadutsa pa kanyumba kaja ndinkaona amayi a kumeneko akuchapa ndi kupinda tinsalu, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndinkadziuza kuti onani, chichotsereni njinga pa chigafa vuto latha.

Loweruka ndinakonza zolawira. Ndinanena kuti ndikukaona munda wachitsanzo, koma mundawo sunkafuna kuonedwa. Chilungamo chake n'chakuti sindinkafuna kukhalapo pamene anthu aja azinyamuka. Kunacha kuli mvumbi, nkhungu ili m'minda, zovala pachingwe zili nyowe. Ndinatulutsa njinga pakhonde, ndinatsegula kiyi, ndinaponda.

Zii.

Ndinapondanso. Ndinaponda kakhumi. Injini inkangotembenuka n'kukhala chete, chimodzimodzi ngati m'dambo muja. Koyilo inali yatsopano. Njinga inagona m'nyumba yokhoma, kiyi ali pakhosi panga. Panalibe munthu amene anaikhudza kupatula ine.

Ndikuuzeni zoona, ndinapemphera kuti vuto likhale la petulo. Petulo akanakhala nkhani ina, yosakhudzana ndi bambo aja, ndipo ine ndikanakhalabe wolungama. Ndinatsegula thanki n'kugwedeza njinga: petulo tho. Ndinazula kapaipi kopita ku kabuleta, petulo anatuluka bwinobwino mpaka kundinyowetsa dzanja. Ndinatenga sipanala n'kumasula pulagi. Inali yonyowa, ikununkha petulo. Ndiye kuti mafuta ankafika, chimene sichinkafika ndi moto.

Ndinatsamiritsa njinga pa chipilala cha khonde, n'kugoneka pulagi pa injini monga anachitira makaniko uja. Ndinaponda ndikuyang'ana pansi. Panalibe ngakhale kofiira kaja. Ndinayesa pulagi ina imene ndinkayenda nayo m'chikwama, chimodzimodzi. Ndinavula kachipewa ka pulagi n'kuyandikiza waya wake ku chitsulo, palibe. Pomaliza, chifukwa cha ukali, ndinagwira wayayo ndi chala n'kuponda. Njinga yabwino ikanandigwedeza mpaka m'mano. Iyi inangondinyerenyetsa pang'ono.

Ndinakhala pansi kaye. Pamene ankatipatsa njingazi, bambo wina amene ankatiphunzitsa kukwera anatiuza kuti moto ukasowa usamalote, uziutsata ndi chala kuchokera ku pulagi kubwerera kumene ukuchokera, ngati ukutsata mzere wa nyerere kuti upeze una wake. Tsiku limenelo ndinkaganiza za chakudya chamasana, koma mawuwo anatsalira penapake m'mutu. Ndinayamba ndi swichi yozimitsira ya pa chiwongolero. Ndinaimasula, m'kati munali mouma ndi moyera. Ndinagwedeza kiyi uku ndikuponda, osasintha. Ndinatsata waya kuchokera ku koyilo, ndipo anandilowetsa pansi pa chishalo. Ndinachotsa chishalo. Mawaya anapitirira kutsika cha m'mbali, kuseri kwa chivundikiro chimene chikhalireni ndinali ndisanatsegulepo. Makaniko uja nayenso sanafikeko.

Kuseri kwake kunali kachikwama ka labala, kotsegula kumwamba, mmene mawaya onse ankakumana. Nditakafinya, munatuluka madzi. Ndinadabwa, chifukwa njingayo inali isananyowe ndi mvula masiku atatu. Ndinakapinda kuti ndione m'kati. Munali zinthu zoyera, zaphalaphala, ndipo timano ta mawaya tinali titabiriwira. Waya wina wakuda, womangidwa ndi bawuti ku chitsulo cha njinga, anali atadyeka, kwatsala timinga tiwiri kapena titatu. Sindinadziwe kuti ndikuona chiyani.

"Odi, madamu."

Anali bambo aja. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo anaima patali ndi khonde, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kwawo, pa kanyumba kaja, ndinaona mitolo itamangidwa kale, akazi awo atakhala pa umodzi.

"Tabwera kudzatsazika. Abwana tawapeza ku chigafa cha kumunsi, tatsazikana nawo. Ndiye ndinati ndifikenso kwa inu. Kuchoka osatsazika, anthu anganenedi kuti tathawa."

Ndinalephera kudzutsa mutu. Ndinangoti, "Yakananso."

Anasendera pang'ono n'kusuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndikhudze, madamu?"

Funso limenelo linandilasa. Munthu amene wakhala akuipukuta njingayo miyezi yonseyi, lero akupempha chilolezo choikapo chala.

"Khudzani, bambo."

Anatapa zoyerazo ndi chala, n'kuzifikisa, n'kuzinunkhiza. Kenako anagunditsa pa lilime n'kulavula kumbali.

"Uyutu ndi feteleza."

"Feteleza?"

"Eya, ndithu. Ameneyu amamwa madzi a mumpweya. Kukatentha amauma gwa, simungamudziwe. Kukangochita chinyezi chonchi amasungunuka yekha. Ndiye chitsulo sachisiya. Kwathu anandidyera kaliyala wa njinga yakapalasa, ndi khasu limene ndinalitsamiritsa pa thumba. Koma kuti walowa bwanji umu, ine sindingadziwe."

Ine ndinkadziwa. Ndinadziwa asanamalize n'komwe kulankhula.

Kumayambiriro kwa Disembala amayi anga analandira makuponi awo, umodzi wa feteleza wokulitsa, wina wa wobereketsa. Anagona pamzere mpaka anagula, koma ngolo yoti iwanyamulire inasowa, aliyense anali kalikiliki ndi zake. Lamulo la ku ofesi linali lomveka: njinga si yonyamulira katundu, ndipo wopezeka atanyamula amalandidwa. Ine ndinati amayi anga asenze matumba pamutu ine ndili ndi njinga? Ndinapita mwakachetechete, maulendo awiri, thumba ndalimanga ndi mphira kumbuyo kwa chishalo. Pa ulendo wachiwiri thumba linakola pa bawuti wa kaliyala n'kubooka. Ndinazindikira nditacheuka n'kuona kamzere koyera m'njira. Ndinaima, ndinamanga pobookapo ndi luzi, ndinasasa chishalo ndi dzanja, n'kupitiriza ulendo. Sindinauze munthu aliyense, ndipo ndinaiwalako. Timibulu tina tinatsetserekera pansi pa chishalo n'kukagwera m'kachikwama kaja.

Amene anawononga njinga ndinali ine. Amene anasekedwa pamsika chifukwa cha zochita zake zomwe ndinali ine. Ndipo munthu amene anandiuza zimenezi anali ataima apo atavala jekete la ulendo, chifukwa cha pakamwa panga.

Pali kamphindi kamene ndimachita nako manyazi mpaka lero. Ndinaganiza zongoti zikomo bambo, muyende bwino. Ndikanatsuka mawayawo ndekha, iwo n'kukwera matola, nkhani n'kufera pomwepo. Kuulula kunatanthauza kuyaluka pamaso pa anthu onse amene anandimva ndikukuwa, ndipo nkhani ya matumba ikanatha kufika ku ofesi. Maganizo amenewo anandifikira ndithu, sindingakane. Koma nditayang'ana mitolo ija, ndinadziona kuti sindingathe.

"Bambo, musapite kaye. Feteleza ameneyu ndinamunyamula ndine pa njingayi. Ndithandizeni tiikonze, atsibweni aone ndi maso awo. Mukuwadziwa, ndi mawu okha sabwerera m'mbuyo."

Anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pa mpando.

Ndinatenga madzi otentha a m'ketulo ndi mswachi wakale. Ndinazula mawaya amodziamodzi, ndikuloweza pamene aliyense akuchokera, n'kutsuka mpaka zoyera zonse zitatha. Timano tobiriwira tija ndinatikwecha ndi sandipepa mpaka tinawala. Waya wakuda uja ndinamudula ndi mpeni pamene anadyeka, n'kusenda pabwino, n'kupala dzimbiri pa chitsulo, n'kumanganso bawuti mwamphamvu. Pofuna kuumitsa ndinati nditenge mbaula. Bambo aja anandiletsa.

"Ayi madamu, pali petulo apa. Tipsereza nyumba ya abwana."

Anapita ku mitolo yawo n'kumasula umodzi, n'kubwera ndi pampu ya njinga. Iwo ankapopa, ine ndikulozetsa kapaipi m'timabowo ta mawaya. Tinachita zimenezo nthawi yaitali. Mvumbi unali ukuwazabe pa malata.

Nditalumikiza zonse, ndinagoneka pulagi pa injini. Iwo ananjuta pafupi kuti aone. Ndinaponda.

"Moto wabwera!" anakuwa bambo aja.

"Wotani?"

"Wa buluu, madamu. Ukuchita kulira, the-the-the."

Ndinapondanso kuti ndidzionere ndekha. Unalidi wa buluu, wakuthwa, wooneka ngakhale masana. Koma mtima wanga sunakhazikike. Atsibweni akanatha kunena kuti chabwino, feteleza ndi wako, nanga koyilo anasintha ndani? Ndinalowa m'nyumba n'kukatenga yakale ija, imene ndinaitola n'kuiika pawindo tsiku lija. Ndinamasula yatsopano pansi pa thanki, zala zikupweteka chifukwa malo ake ndi opanikiza, n'kubwezerapo yakale. Ndinagonekanso pulagi. Ndinatseka maso poponda.

"Womwe uja, madamu. Wa buluu."

Ndinamanga pulagi m'malo mwake, ndinaponda kamodzi, njinga inalira. Inalira ndi koyilo yomwe ija imene ndinati ndi ya wakuba, m'mvumbi womwe uja umene inkadana nawo. Ndinaizimitsa, ndinailizanso. Ndinachita zimenezo katatu.

Kenako ndinakhala pa sitepe. Ndinayamba kuseka, kusekako n'kusanduka misozi. Sikuti ndinkalirira njinga. Mtima wanga unatsika chifukwa anthu aja anali adakalipo. Mitolo inali pomwepo, matola anali asanaitenge. Mvumbi uja ukanachedwa ndi tsiku limodzi, n'kubwera Lamulungu, ndikanazindikira zonsezi iwo ali kutali, ndipo ine sindinkadziwa ngakhale dzina la mudzi wawo. Sindinayambe ndathokozapo Mulungu chifukwa cha njinga yokana kulira, koma m'mawa umenewo ndinathokoza.

Atsibweni anatulukira akuchokera ku zigafa, atafunda thumba kumutu.

"Phokoso lanji m'mawa uno? Nanga inu simunapite?"

"Atsibweni, itanani onse amene analipo tsiku lija."

"Anthu akusoka fodya, iwe."

"Asiye kaye. Ndinalankhula onse akumva, ndilankhulanso onse akumva."

Anandiyang'ana, n'kuona kuti sindikuseka. Anakuwa, anthu anabwera, singano zosokera fodya zili m'manja. Ndinaima pakhonde pomwe paja. Mawu ankafuna kutsika okha, koma ndinawakweza dala kuti afanane ndi a tsiku lija. Ndinanena za matumba a amayi, za bawuti, za luzi. Ndinawaonetsa kachikwama ka labala ndi chidutswa cha waya wodyeka. Ndinaliza njinga n'kunena kuti koyilo imene ili m'menemo ndi yomwe ndinaponya pano. Ndinamaliza ndi kunena kuti bambo awa sanabe kalikonse, ndinawanamizira ndine.

Atsibweni anatenga chidutswa cha waya chija n'kumachitembenuza m'manja.

"Ndiye ukuti feteleza wa mlongo wanga ndi amene wadya njinga?"

"Eya, atsibweni."

"Ndipo wonyamula ndiwe, mlangizi, amene umatiphunzitsa ife kasungidwe ka feteleza?"

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, ena n'kutsatira. Ndinakumva kutsekemera kuseka kumeneko, ngakhale ankaseka ine. Atsibweni anapukusa mutu.

"Mphwanga, pakamwa pakopo padzakupweteketsa." Kenako anatembenukira kwa bambo aja. Atsibweni sanali munthu wodziwa kunena pepani, ndipo ndinawaona akulimbana nawo mawuwo kukhosi. "Mwamva nokha. Ifenso tinafulumira. Masulani katundu. Munda wanu sindinagawe, ndipo masamba akupsa, mawa lomwe akhala atawonongeka."

"Zikomo, bwana," anatero bambo aja. Anatenga jekete ndi pampu yawo n'kumapita.

Anthu atabalalika ndinawatsatira. Akazi awo anali atadzuka pa mtolo paja, akumasula mfundo ndi mano. Ndinagwada pafupi nawo m'matope momwemo.

"Mayi, pepani. Ndinakulakwirani kwambiri."

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kumasula, kenako anati, "Tamva." Sindinayembekezere zoposa pamenepo, ndipo sindinali woyenera zoposa pamenepo.

Nditadzuka ndi pamene ndinaona kuti kanyumbako kanalibe chitseko. Pakhomo panali pululu, m'kati mosesedwa, mopanda kanthu. Chitsekocho chinali chawochawo, cha matabwa amene anakhoma okha, ndipo anali atachizula n'kuchimanga pamodzi ndi mphasa kuti apite nacho. Bambo aja anachimasula n'kuchikokera pakhomo. Anatulutsa misomali m'thumba la jekete, yopindika, n'kuyamba kuiwongola pamwala. Atamaliza anayesa kuimika chitseko ndi bondo uku akufuna kukhoma, koma chinkangotsetsereka. Anayang'ana uku ndi uku. Akazi awo anali atalowa m'kati ndi mtolo.

Ndinapita n'kuchigwira.

"Kwezani pang'ono, madamu. Pang'ononso. Apo, gwirani pomwepo."

Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera, ndipo mvumbi unkanditsikira m'khosi. Sindinachisiye mpaka msomali womaliza utalowa.